Buku la Woliza Belu

Solfrid Myra sanali munthu wopsa mtima msanga. Zaka makumi atatu ndi zisanu anagwira ntchito papositi ya m'chigwa cha Lindal, akumwetulira anthu obwera ndi makalata opanda masitampa, ndipo palibe amene anamumvapo akukweza mawu. Koma Lolemba lija, m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, Eilif Storvoll anamuputa dala.

Eilif anali mwini famu ya Storvoll, yaikulu kuposa zonse m'chigwamo, komanso wapampando wa bungwe losunga mbiri ya deralo. Chaka chimenecho banja lake linali litakwanitsa zaka mazana atatu pafamupo, ndiye anakonza phwando la mtundu wonse, mpaka abale a ku America anaitanidwa. Anagula chimwala chachitali kuposa munthu choti asemepo mayina a eni famuyo ndi ana awo, m'badwo ndi m'badwo. Aliyense wochokera mwa anthu a pamwalapo ankayenera kukalembetsa kwa iye, ndipo iye ankakhala kuseri kwa tebulo ngati mlembi wa pakhomo la kumwamba.

Solfrid anaika pepala lake patebulopo.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Eilif.

"Sukuona? Mayina. Amayi, ine, ndi ana anga awiri. Tonse tinachokera mwa Guro, mwana wa Torstein Storvoll."

Eilif anavula magalasi pang'onopang'ono, monga ankachitira akafuna kuti anthu amudikire. Amuna awiri a m'bungwemo, amene ankamwa khofi pakona, anasiya kucheza.

"Solfrid, Solfrid. Nthano ija ikadalipobe kwanu? Guro mwana wa Torstein anamwalira ali ndi zaka zinayi, mu 1866. Wagona pafupi ndi khomo la tchalitchi, ukhoza kukamuona. Wanuyo anali Guro wina, wobadwa mwa mtsikana wantchito."

"Anabadwa chaka chotsatira, n'kutenga dzina la mkulu wake. Mwambo umenewu sukuudziwa iwe, katswiri wa mbiri?"

Eilif ankaudziwa bwino lomwe. M'chigwamo kale mwana akamwalira, mwana wotsatira wa bambo yemweyo ndi amene ankatenga dzina la womwalirayo, kuti lisatayike. Ngakhale mwana wasukulu ankadziwa zimenezi.

"Dzina ndi la aliyense," anatero Eilif. "Ngakhale ng'ombe yanga ina ndi Guro, koma pamwala sindiilemba." Amuna a pakona aja anaseka m'makapu mwawo. "Paja ankamutchula kuti chiyani agogo anu aja? Guro Wabodza?"

Dzina limenelo Solfrid anali asanalimve kwa zaka makumi asanu, koma linamufika pomwe linkamufika ali mwana. Myra, kumene iye anabadwira, anali kamalo ka madambo kumapeto kwa minda ya Storvoll. Makolo ake ankakhalapo mwa thangata: kanyumba n'kanu, koma nthawi yomweta udzu ndi yokolola muyambe mwathana ndi minda ya bwana. Guro anakhala kumeneko mpaka imfa yake mu 1949, ndipo moyo wake wonse ankanena poyera, m'sitolo ngakhale pabwalo la tchalitchi, kuti bambo ake anali Torstein wa ku Storvoll. Anthu ankamuseka. Anaseka ana ake, anaseka mdzukulu wake Borghild, yemwe ndi mayi ake a Solfrid, ndipo Eilif yemweyu, ali ndi zaka khumi, ankakuwa dzinalo kuseri kwa sukulu Solfrid akamadutsa. Tsopano mayi Borghild anali ndi zaka makumi asanu ndi anayi kudza ziwiri, akukhala kunyumba yosamalira okalamba, mtima ukugunda mwa apo ndi apo. Atamva za mwalawo ananena mawu amodzi okha: "Ndikanakonda ndife agogo atasiya kutchedwa abodza."

"Wosema miyala abwera Lachisanu la sabata yamawa," anatero Eilif, akukankhira pepala lija kwa mwini wake ndi chala chimodzi. "Ukandibweretsera umboni wa m'buku la tchalitchi, dzina limenelo ndidzalisema ndekha ndi mano angawa."

"Uwatsuke bwino manowo," anatero Solfrid. Anamenyetsa chitseko mpaka mabuku anagwa pashelefu.

Mabuku akale a matchalitchi anajambulidwa onse tsamba ndi tsamba, ndipo munthu akhoza kuwawerenga pakompyuta ali m'khitchini mwake. Akuti akhoza. Solfrid atatsegula buku la ubatizo la ku Lindal anaona ngati nkhuku zapalasa pamatope. Zilembo za makedzanazo n'zopotana, zina zimakwera pamwamba pa mzere, zina zimalendewera pansi, ndipo inki ya tsamba lakuseri imadutsira kuno n'kusakanikirana ndi ya kuno. Anabwereka kabuku kophunzitsa zilembozo ku laibulale, n'kukhala pansi. Mbatata zinapserera mumphika kawiri. Maluwa a pakhonde anafota. Mwana wake wamkazi ataimba foni kuchokera ku Oslo anamuuza kuti asadzipweteke mutu ndi anthu oti anafa kalekale, ndipo Solfrid anadula foniyo osatsanzika.

Tsiku lachinayi maso ake anayamba kuzolowera. Anaona kuti tsamba lililonse lagawidwa m'mizere yotsika: tsiku lobadwa, dzina la mwana, ngati ndi wa m'banja kapena wapathengo, makolo, ndiponso mboni za ubatizo. Anapeza Guro woyamba, 1862, mwana wa Torstein ndi mkazi wake Kari, mboni zisanu ndi imodzi, onse eni mafamu. Anamupezanso m'gawo la akufa, 1866, matenda a pakhosi amene anasesa ana khumi ndi anayi m'nyengo imodzi yozizira. Apo anaima pang'ono, chifukwa mkwiyo wake sunali pa kamwanako.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anafika pa Malichi 1867. Dzanja la abusa a nthawiyo linali lokongola, loongoka, la munthu amene sanagwirepo khasu.

Guro. Wapathengo. Mayi: Barbro, wantchito. Bambo: wogulitsa mahatchi wa ku Sweden, dzina silikudziwika.

Anawerenga katatu. Kenako anatenga kapu ya khofi n'kuiponya m'sinki, inasweka. Anakwiyira Eilif, anakwiyira abusa, koma choipa kwambiri n'chakuti anakwiyira Guro. Zaka zonsezi, manyazi onsewa, chifukwa cha wogulitsa mahatchi? Anadziona akuyenda m'sitolo anthu akugwedezana zigongono, ndipo anamva kale mawu a Eilif akufunsa mokoma mtima ngati wapeza kanthu.

Masana anapita kwa mayi ake. Anawapeza pawindo, atafunda shawelo, akudya buledi wopaka jamu ndi mano awo oikirira. Thupi linali litatha, koma lilime linali likadali lakuthwa.

"Nkhope imeneyo ndi ya munthu woti wagonja," anatero mayi Borghild. "Khala pansi, usandiimirire ngati namwino."

Solfrid anawafotokozera zonse, mpaka za mahatchi.

"Wa ku Sweden! Mimba iliyonse yosowa mwini m'chigwa muno inali ya munthu wa ku Sweden. Ayenera kuti anali otanganidwa anthu amenewo. Wawerenga buku la ndani?"

"La tchalitchi, amayi."

"Tchalitchi sichigwira cholembera. Ndikufunsa dzanja la ndani."

"La abusa."

"Abusa amenewo ankadya nyama yankhosa ku Storvoll Lamlungu lililonse akatuluka m'mapemphero. Iwe ungalembe zoipa za munthu amene wakukhutitsa?" Anapukuta jamu pachibwano. "Ukukumbuka manda aja ndinkakutuma kukathirira, kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi mpanda?"

Solfrid anakumbukira. Kamtanda kachitsulo kadzimbiri, ndowa yolemera, ndi lunguzi amene ankaluma miyendo. Ankadana nayo ntchitoyo.

"Anali a Amund, woliza belu. Si m'bale wathu. Koma agogo ankathirira pamenepo chaka ndi chaka, atakalamba anandipatsira ine, ine n'kukupatsira iwe. Ndikafunsa chifukwa chake ankangoti, 'Amund analemba.' Chimene analemba sindikuchidziwa. Agogo sankadziwa kuwerenga zolemba pamanja, ine ndinkaopa abusa. Koma galu wamkota sakandira pachabe."

Solfrid anayendetsa galimoto kubwerera kwawo ngati akuthawa moto. Anali ataona ndithu pakompyuta paja kuti zaka zomwezo zili ndi mabuku awiri, koma lachiwirilo analidumpha. Kale nyumba za abusa zinkapsa kawirikawiri, mabuku n'kupsera momwemo, ndiye kunabwera lamulo lakuti chilichonse chilembedwe kawiri: abusa buku lawo, woliza belu buku lake, ndipo mabuku awiriwo asamagone pansi pa denga limodzi. Anthu ambiri ofufuza za makolo awo amaona la woliza belu ngati lokopera chabe. Akapeza zomwe akufuna m'dzanja lokongola la abusa, lina lija salitsegula n'komwe.

Dzanja la Amund linali loipa zedi. Munthuyo ankaliza belu, kutsogolera nyimbo, kuphunzitsa ana, ndiponso kulima kamunda kake, ndipo ankalemba ngati akuthamangitsidwa. Solfrid anamutukwana masiku awiri athunthu. Lachitatu m'mawa, dzuwa litalowa kale pawindo la kukhitchini, anafika pa Malichi 1867.

Pamalo a bambo panali mzere wakuda wodula mawu, wa inki ina, yokhuthala, ndipo pamwamba pake dzanja lokongola lija linali litalembapo za wogulitsa mahatchi. Abusa anali ataliyendera bukulo. Koma munthu wonyada amadula ndi mzere umodzi wokha, poganiza kuti palibe adzayang'ane pansi pake. Solfrid anakulitsa chithunzicho mpaka chilembo chimodzi chinadzaza galasi lonse la kompyuta, n'kuyamba kutola chimodzichimodzi.

Torstein Olsen Storvoll, mwamuna wapabanja.

Pamalo a mboni panali mayina awiri okha: Amund yemweyo ndi mkazi wake. Palibenso wina m'chigwa chonsecho amene anavomera kuimirira mwanayo.

Solfrid sanalire. Anasindikiza tsambalo, natenga cholembera chofiira chonenepa chimene ankalembera pamakatoni, n'kuzunguliza dzina la Torstein. Anazunguliza kawiri, katatu, kasanu, akukanikiza mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Kenako anavala nsapato.

Ku Storvoll chimwala chija chinali chitagonekedwa pamitengo pakati pa bwalo. Wosema miyala, bambo wachete wotchedwa Jostein, anali atabwera kudzachiyeza ntchito isanayambe, ndipo Eilif anaima pambali pake ndi mndandanda wa mayina m'manja. Solfrid sanapereke moni. Anaika pepala lake pamwalapo n'kulipsinja ndi chikhatho.

Eilif anangoliponyera diso. Magalasi anali m'thumba la malaya, sanawatulutse. Munthu sawerenga dzanja la Amund popanda magalasi, pokhapokha ngati akudziwa kale zimene zalembedwapo.

"Unkadziwa," anatero Solfrid.

"Aliyense wodziwa ntchito imeneyi amaona mabuku onse awiri."

"Kuyambira liti?"

"Pamene ndinkalemba buku la mbiri ya mafamu. Zaka makumi awiri zapitazo, kapena kuposa." Anakweza mapewa. "Mzere unadulidwa, Solfrid. Chodulidwa n'chodulidwa. Ife timatsatira buku la abusa."

"Zaka makumi awiri! Amayi anga ankabwera kudzakuphikirani pamaliro a bambo ako, pa ukwati wa mwana wako, akulowera khomo lakukhitchini, iwe ukudziwa kuti agogo awo ndi agogo ako anabadwa kwa bambo mmodzi? Ndiye sabata yatha unandiyang'ana m'maso n'kundiuza za ng'ombe yako?"

"Usakuwe. Anthu akumva."

"Amve! Akhala akumva mbali imodzi zaka zoposa zana." Anatembenukira kwa wosema miyala. "A Jostein, inu mumadziwa kuwerenga zofufutika. Taonani apa."

Jostein anakanda m'mutu, nawerama ndithu. "Pakuoneka ngati Torstein," anatero motsitsa mawu, ngati akupepesa.

"Tamvera, Eilif," anatero Solfrid. "Mlandu suwola. Pepala ili ndisindikiza makope zana. Lina ndikakhoma pakhomo la sitolo, lina kutchalitchi, otsalawo ndidzagawira abale ako a ku America pageti pomwe, aliyense ndi lake, asanalawe n'komwe keke. Ndinagawa makalata m'chigwa muno zaka makumi atatu ndi zisanu, usaganize kuti ndaiwala kagawidwe kake."

Khosi la Eilif linafiira. Anayang'ana nyumba yake yaikulu yopaka utoto woyera, nayang'ana mbendera, nayang'ananso Jostein, amene anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi tepi yake yoyezera. Kenako anatulutsa cholembera. Pamndandanda paja, pansi pa mutu wakuti Torstein ndi Kari, pomwe panali ana asanu, anawonjezera mzere wachisanu ndi chimodzi: Guro, 1867 mpaka 1949.

"Wakhutira?"

"Mano aja ali kuti?" anafunsa Solfrid.

Anafika kunyumba ya okalamba akuimba kamluzu, chinthu chimene anali asanachitepo chimwalirire mwamuna wake. Anafotokoza zonse, akusinthasintha mawu potsanzira Eilif, ndipo mayi Borghild anaseka mpaka kutsokomola. Atamva za mboni ziwiri zija, misozi inatsika yokha m'makwinya.

"Ndiye sanali wabodza," anatero.

"Sanali wabodza, amayi. Lachisanu akuwasema pamwala."

"Ndipatse pepalalo. Galasi langa lili m'kabati."

Anaika galasi lokulitsira zilembo papepalapo n'kuliyendetsa uku ndi uku. Zilembozo sakanaziwerenga, koma ankafuna kuziona ndi maso awo.

"Apa pofiira kwambiri ndi pa Torstein?"

"Eya."

"Chabwino. Tsopano ndiwerengere za mayi ake."

Solfrid anawerama. M'buku la Amund dzina la mayi linali pansi penipeni pa dzina la bambo, ndipo linali lalitali kuposa la m'buku la abusa, mawu anayi kapena asanu. Koma mizere yofiira ija inadutsa pomwepo, ina pamwamba pa inzake. Chimene chinkaoneka ndi chilembo choyamba chokha.

"Barbro," anatero.

"Zimenezo tinkadziwa kale. Barbro mwana wa ndani? Wa kuti?"

"Ndikasindikiza lina, amayi, si nkhani yovuta."

"Sindinafunse za kusindikiza. Unali ndi bukulo patsogolo pako m'mawa wonse. Barbro mwana wa ndani?"

Solfrid sanadziwe. Anali atatola dzina la Torstein chilembo ndi chilembo kwa ola lathunthu, koma mzere wapansi pake sanauwerenge.

Mayi Borghild anaika galasi lija pamiyendo. Mawu awo sanakwere, ndipo zimenezo n'zomwe zinapweteka.

"Agogo anachotsedwa kwa mayi awo ali ndi zaka zitatu. Anawaika pa mndandanda wa amphawi, kumayenda famu ndi famu, uku sabata imodzi, uko masabata awiri, kugona m'khola la ng'ombe chifukwa ndi momwe munkafunda. Za bambo awo chigwa chonse chinkadziwa, n'chifukwa chake ankaseka mokweza chonchija. Koma za kwawo kwa mayi awo palibe anawauza kanthu, kupatula dzina limodzi lokhalo. Akudwala komaliza, mkazi wa zaka makumi asanu ndi atatu, ankaitana Barbro. Torstein sanamuitanepo." Anatembenukira kwa Solfrid. "Pamwala paja alemba kuti Guro ndi mwana wa ndani?"

"Wa Torstein."

"Yekha? Anabereka yekha?"

Solfrid anaona mndandanda uja m'maganizo mwake, ndi mutu wake uja. "Wa Torstein ndi Kari," anatero.

"Kari! Yemwe anathamangitsa mtsikanayo ali ndi pakati, mu Januwale, katundu wake n'kumuponyera pachipale chofewa? Mtsikana amene analera kamwana ka Kari kodwala pakhosi usana ndi usiku, kenako n'kupatsa wake dzina lomwelo? Iwe wavomera zimenezo, n'kubwera kuno ukuimba mluzu?" Anakankha pepalalo, linagwa pansi. "Abusa anadula bambo ndi inki yakuda. Iwe wadula mayi ndi yofiira. Tuluka, ndikufuna kugona."

Palibe mkwiyo woipa ngati umene ulibe wina woukankhira. Solfrid anakhala m'galimoto pabwalo la nyumbayo kwa theka la ola, manja ali pachiwongolero. Anayesa kukwiyira Eilif, zinakanika. Zoona zake zinali zakuti nayenso ankafuna nyumba yoyera ija. Kuyambira ali mwana wa ku madambo ankafuna kulowera khomo lakutsogolo, ndipo atangoona dzina la mwini famu maso ake anathera pomwepo, monga anathera maso a abusa.

Kunyumba anatsegulanso tsamba lija. Mzere wapansi uja sunali wovuta n'komwe, Amund anaulemba mosamala kuposa yonse.

Barbro Eriksdatter, wa ku Skaret, zaka makumi awiri.

Skaret anali kamalo ka miyala kumtunda kwa chigwa, komwe tsopano kuli nkhalango yokhayokha. Solfrid anapita ku gawo la akufa, nayenda chaka ndi chaka. Anamupeza mu Novembala 1870. Barbro Eriksdatter, mmphawi, zaka makumi awiri ndi zitatu, chifuwa chachikulu. M'buku la abusa munathera pomwepo. M'buku lake Amund anawonjezera m'mphepete mawu atatu: Wasiya mwana Guro.

Lachisanu m'mawa Jostein anali atayamba kale kugogoda kumutu kwa mwala pamene Solfrid anatulukira pabwalo la Storvoll. Eilif anamuona ali patali, nausa moyo.

"Chinanso n'chiyani? Ndinakupatsa zimene unkafuna."

"Guro si mwana wa Kari. Pamwalapo palembedwe mayi ake, Barbro Eriksdatter."

"Wantchito? Pamwala wa Storvoll?" Eilif anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Uwu ndi mwala wa eni famu ndi akazi awo a ukwati. Ndakuchitira kale chifundo chachikulu. Ukufuna ndilembeponso wokama ng'ombe ndi wodula nkhuni?"

"Akanadzaza mwalawo kuposa inu. Minda yonseyi analima ndani?"

"Ayi, Solfrid. Khoma mapepala ako komwe ukufuna. Ichi chokha ayi."

Solfrid anamuyang'ana, ndipo anaona kuti ulendo uno sasuntha. Anaonanso kuti zilibe kanthu. Anatenga mndandanda uja pomwe Jostein anaupsinja ndi nyundo, natulutsa cholembera chake chofiira, n'kudula mzere wachisanu ndi chimodzi uja ndi dzanja lake.

"Wapenga?" anatero Eilif. "Unandiopseza pakhomo panga chifukwa cha mzere umenewo!"

"Guro anagona m'khola lanu mokwanira. Sagonanso pansi pa Kari." Anatembenukira kwa wosema miyala. "A Jostein, mukamaliza za mabwanawa mundipeze kumanda. Kuli mwala wina, waung'ono, uli ndi malo okwanira mzere umodzi."

Mapepala anakhomadi. Pakhomo la sitolo anaika masamba awiri moyandikana, la abusa ndi la Amund, opanda chofiira chilichonse, ndipo pansi pake analemba ndi zilembo za masiku ano zonse zimene zinali pamenepo, kuyambira dzina la mayi. Wina analichotsa tsiku lomwelo. Anakhoma lina. Linachotsedwanso, anakhomanso, ndipo lachitatulo linakhala, mwina wochotsayo anatopa.

Tsiku la phwando kunacha bwino, mwatsoka. Magalimoto anadzaza msewu wa ku Storvoll, akazi atavala zovala zamakolo zopeta, ndipo nyimbo za malipenga zinkamveka mpaka kumanda. Solfrid anakankha mpando wamatayala wa mayi ake m'kanjira ka miyala, kudutsa manda a Guro woyamba pafupi ndi khomo, kudutsa kamtanda ka Amund, komwe anali atazula lunguzi yense dzulo lake n'kudzalapo maluwa. Mayi Borghild anali asanamulankhule bwinobwino chichokere tsiku lija. Ankangoyankha kuti eya kapena ayi.

Mwala wa Guro wa ku Myra unali wamfupi, wotuwa, ndere zitaudya m'mbali. Pansi pa dzina ndi zaka panali mzere watsopano, zilembo zake zikadali zoyera ndi fumbi. Solfrid anayandikitsa mpando mpaka mawondo a mayi ake anakhudza mwalawo. Mayiwo anatambasula dzanja, nayendetsa chala m'zilembozo chimodzichimodzi, milomo ikugwedera.

"Werenga," anatero. "Mokweza. Malipenga awo akusokosa."

"Mwana wa Barbro Eriksdatter wa ku Skaret."

"Eriksdatter," anabwereza mayi Borghild. "Ndiko kuti mwana wamkazi wa Erik, ndiye bambo a Barbro anali Erik. Agogo anatcha mwana wawo woyamba Torstein, kuti anthu apse mtima. Akanadziwa akanamutcha Erik." Chala chawo chinali chikadali pamwala. Kutsidya kwa mtsinje anthu anaomba m'manja, zikuoneka kuti nsalu inali itachotsedwa pachimwala chija.

"Amayi," anatero Solfrid, "a Jostein akuti malo atsalako pang'ono pansipa. Ngati mukufuna kuti tilembeponso Torstein, umboni tili nawo."

Mayi Borghild anatembenuka, namuyang'ana mwana wawo m'maso koyamba m'masiku khumi.

"Ameneyo ali ndi mwala wake," anatero. "Pita ukatunge madzi, maluwa a Amund afota."